Kodi Rex Tillerson anayendetsa bwino ExxonMobil, kapena anangofikira pa zakupsa?

Kamgolo:
Anzanga a pagulu, ndithandizeni kumvetsa. Anthu akamatchula Rex Tillerson amati anali katswiri poyendetsa kampani ya mafuta, koma manambala akukana. Anatenga mpando kwa Lee Raymond pa 1 January 2006, ExxonMobil ikutulutsa migolo pafupifupi 4.2 miliyoni patsiku tikaphatikiza mafuta ndi gasi. Pamene ankachoka kumapeto kwa 2016 inkatulutsa yocheperako pang'ono, chonsecho pakatipa anagula kampani yathunthu ya gasi yotchedwa XTO. Ngongole inachoka pa madola pafupifupi 8 biliyoni n'kudutsa 40 biliyoni. Ndiye ukatswiriwo uli pati?

Ndirande_Boy:
Munthu wosadziwa ntchito sangakhale zaka 41 pa kampani imodzi mpaka kufika pamwamba penipeni. Funso lina.

Mayi_Akaunti:
Kukhalitsa si umboni, achimwene. Ku Exxon mwambo wake ndi womwewo, mkulu amakulira momwemo. Raymond anakulira momwemo, Darren Woods amene analowa m'malo mwa Tillerson nayenso chimodzimodzi. A Kamgolo afunsa za zotsatira.

Gogo_Injiniya:
Tiyambire kumene anachokera, chifukwa n'kumene kuli yankho la theka la funsoli. Anabadwa pa 23 March 1952 ku Wichita Falls m'boma la Texas, anaphunzira uinjiniya wa zomangamanga pa University of Texas ku Austin, ndipo analowa Exxon mu 1975 ngati injiniya woona za katulutsidwe ka mafuta m'zitsime. Sanali munthu wa malonda a masheya. Mu 1995 anapatsidwa ntchito za kampani ku Yemen ndi ku Thailand, ndipo mu 1998 anamutumiza kukayang'anira za ku Russia. Dzina lake linamveka ndi Sakhalin-1, ntchito yokumba mafuta m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Sakhalin kum'mawa kwa Russia.

Pa Sakhalin-1 Exxon inali ndi 30 peresenti ndipo ndi imene inkayendetsa ntchito, a ku Japan a SODECO 30, Rosneft, kampani ya mafuta ya boma la Russia, 20, ndipo 20 yotsalayo inadzapita kwa a ku India a ONGC Videsh. Mafuta ali pansi pa nyanja imene imaundana miyezi yambiri pachaka, komanso dera lake n'la zivomezi. Nsanja ya panyanja pamalo otero imadula koopsa popeza iyenera kupirira madzi oundana akamakankha. Njira imene anasankha pa gawo lina ndi kuimika makina oboolera a Yastreb pamtunda, kuboola chotsika pang'ono, kenako kukhotetsa chitsime kuti chiyende chopingasa pansi pa nyanja. Chitsime cha OP-11 ku Odoptu mu 2011 chinatalika mamita 12,345, ndipo pothera pake panali mamita 11,475 kuchokera pomwe makina anaima.

Zovuta pa chitsime chotere n'zitatu. Choyamba, paipi yoboolera imagona pakhoma la dzenje makilomita ambiri, ndiye kukhulana kumakula mpaka mphamvu yozungulitsa imene mukupereka pamwamba siyifika yokwanira kumutu woboolera, ndipo mukaumiriza paipi imapotoka n'kuduka. Chachiwiri, tizidutswa ta miyala sitikwera tokha ngati mmene timachitira m'chitsime choongoka. Timagona kunsi kwa dzenje n'kuunjikana, ndipo paipi imakanirira. Mankhwala ake ndi kuzungulitsa paipi mwachangu nthawi zonse ndi kupopa matope ambiri. Chachitatu, mapaipi achitsulo otchingira khoma la chitsime safuna kulowa chifukwa cha kulemera, choncho amawatseka kunsi n'kusiyamo mpweya kuti ayandame m'matope pamene akuwatsitsa. Mafuta anayamba kutuluka mu 2005, ndipo amadutsa m'paipi kupita ku doko la De-Kastri kumene sitima zimaperekezedwa ndi zoswa madzi oundana.

Kamgolo:
Zikomo agogo, koma zimenezo anachita ndi mainjiniya oboola. Iyeyo anagwira paipi?

Gogo_Injiniya:
Sanagwire. Ntchito yake inali kuteteza mgwirizano wogawana mafuta umene unasainidwa mu 1995, pa nthawi imene boma la Russia linkasintha maganizo pafupipafupi. Yerekezani ndi a Shell pa Sakhalin-2, amene mu 2006 anakakamizika kupereka ulamuliro kwa Gazprom, kampani ya gasi ya boma la Russia. Exxon inakhalabe woyendetsa Sakhalin-1 mpaka 2022.

Chimwala_Cholimba:
Ine ndikafuna kuonetsa mtundu wa munthuyu ndimatchula Blackbeard. Chinali chitsime ku Gulf of Mexico, pamadzi osaya koma chozama kwambiri pansi. Mu 2006, atangokhala pampando, oboola anali atadutsa mamita 9,000, ndalama zoposa madola 180 miliyoni zitapita kale, ndipo malo omwe ankafuna anali pafupi. Presha ya pansi inayamba kukwera moopsa. Akatswiri a miyala ankafuna kupitiriza, oboola ankakana. Iye anagwirizana ndi oboola, chitsime chinatsekedwa ndi simenti.

Kwa amene sadziwa chifukwa chake zimavuta: chimene chimaletsa gasi kulowa m'chitsime ndi kulemera kwa matope amene mumadzaza m'dzenjemo. Matope akapepuka, gasi amalowa, ndipo akamakwera amafufuma popeza presha ikuchepa, n'kukankhira matope kunja. Matope akalemera mopitirira, amang'amba thanthwe n'kuthawira m'ming'alumo, mlingo wake m'dzenje umatsika, ndipo gasi amalowabe. Pakati pa ziwirizi pali mpata, ndipo mukamazama mpatawo umachepa. Njira yokha ndi kuika paipi ina yotchingira n'kuithira simenti, koma paipi iliyonse yatsopano imalowa mkati mwa yakale, ndiye dzenje limanka lichepa mpaka mulibenso poika ina. Mukafika pamenepo mwatsala ndi ma valavu akuluakulu otsekera pakamwa pa chitsime basi. Ambiri anamuseka kuti ndi wamantha. Mu April 2010 chitsime cha BP cha Macondo chinaphulika n'kupha anthu 11, kuseka kunatha.

Ndirande_Boy:
Mwamva a Kamgolo? Ukatswiri ndi umenewo.

Mayi_Akaunti:
Palibe akutsutsa kuti ankadziwa nthawi yosiya chitsime. Chimene sankadziwa ndi nthawi yosagula. Tiyeni ku XTO. Analengeza mu December 2009, anamaliza mu June 2010. Mtengo unali madola 41 biliyoni: masheya a Exxon a 31 biliyoni ndi ngongole za XTO za 10 biliyoni. Dziwani kuti kulipira ndi masheya n'koopsa kuposa kulipira ndi ndalama ngati mwagula modula, chifukwa eni XTO amakhala akudya nawo phindu la zitsime zanu zabwino mpaka kalekale.

Anagula chiyani? Gasi wa m'miyala yothinana yotchedwa shale ku America. Mtengo wa gasi pa msika wa ku America wa Henry Hub unafika pa madola 13 mu 2008, pa nthawi yogulayo unali cha m'ma 5, ndipo mu April 2012 unagwa pansi pa madola 2. Cholakwika chinali kuganiza kuti mtengo wafika pansi ndipo ukwera. Koma luso lomwe XTO inkagwiritsa ntchito, kuboola chopingasa ndi kuswa thanthwe ndi madzi ndi mchenga, linali m'manja mwa makampani ambirimbiri, ndipo onse ankaboola nthawi imodzi. Ambiri ankaboola ngakhale akuluza chifukwa mapangano a malo amati ukapanda kuboola pa zaka zingapo malowo amabwerera kwa mwini. Gasi anasefukira pamsika. Tillerson yemweyo ananena poyera mu 2012 kuti pa gasi makampani onse akuluza, ndipo mu 2019 anavomera kuti mwina analipira mopitirira. Mu 2020 Exxon inafufuta m'mabuku katundu wa madola pafupifupi 19 biliyoni, gawo lalikulu linali la gasi yemweyo.

Chimwala_Cholimba:
Ndionjezere pa za amayi. Chitsime cha shale sichifanana ndi cha Sakhalin. Chimayamba ndi mphamvu kenako chimagwa ndi 60 kapena 70 peresenti m'chaka choyamba chokha. Kuti mutulutse mlingo womwewo chaka chamawa muyenera kuboola zina, osaleka. Exxon inazolowera ntchito zikuluzikulu zimene umakonza zaka khumi n'kudya zaka makumi atatu. Shale imafuna kuthamanga ndi kuchepetsa mtengo wa chitsime chilichonse. N'chifukwa chake anaisiya XTO ku Fort Worth ndi dzina lake kwa zaka zingapo, poopa kuti malamulo a likulu aipha.

Wa_Permian:
Apa ndiye ndikutsutsani nonse awiri. Mukuweruza XTO ndi mtengo wa gasi wokha. Anthu ndi luso lomwe anagula mu 2010 ndi zomwe Exxon inapita nazo ku Permian Basin, dera la mafuta la ku Texas ndi New Mexico, kukatulutsa mafuta. Mu January 2017 anagula malo a banja la Bass ku New Mexico pa madola 5.6 biliyoni, ndipo mu 2024 anamaliza kugula kampani ya mafuta ya Pioneer pa pafupifupi 60 biliyoni. Popanda XTO akanayambira pati?

Mayi_Akaunti:
Akanalemba ntchito mainjiniya mazana angapo pa mtengo wosafika ngakhale biliyoni imodzi. Sugula munda wonse chifukwa wakonda khasu la mwini wake. Ndiponso zonse mwatchulazo zinachitika iye atachoka.

Wa_Permian:
Za Bass zinalengezedwa patangotha masabata awiri ndi theka atachoka. Mukuganiza kuti zokambirana zinayamba pa 2 January?

Zikomo265:
Pepani kulowerera. Kodi Exxon imeneyi ndi yomwe inali ndi ma filling station a Mobil kuno kwathu? Nanga ndi iwowa amene amatikwezera mafuta?

NaBanda_Malamulo:
Ndi yomweyo, Exxon ndi Mobil zinaphatikizana mu 1999. Koma mu 2005 anagwirizana zogulitsa malonda awo a mafuta a galimoto m'maiko 14 a mu Africa kwa Total, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Phindu logulitsa pa pampu n'lochepa poyerekeza ndi lokumba. Za mtengo, ayi. Exxon yonse imatulutsa pafupifupi magawo atatu okha pa 100 a mafuta a dziko lapansi, singaike mtengo. Kuno mtengo wa pa pampu amalengeza ndi a MERA, potengera mtengo wa kunja, mphamvu ya kwacha, mayendedwe kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndi misonkho.

Ndirande_Boy:
Ndiye mizere ya pa filling station tisamunamizire mzungu wa ku Texas.

Zikomo265:
Mizereyo ndi nkhani ya forex, imeneyo tonse tikuidziwa.

Kamgolo:
Tibwerere ku mutu chonde. Mayi_Akaunti, ndinaona kuti atangochoka Exxon inachotsa migolo mabiliyoni m'mabuku. Kodi anali akunama za kuchuluka kwa mafuta awo?

Mayi_Akaunti:
Si bodza, ndi lamulo la kawerengedwe. Bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, limati ungalembe kuti uli ndi mafuta otsimikizika pokhapokha ngati ungawatulutse mwaphindu pa mtengo wa chaka chimenecho, ndipo mtengowo amautenga pophatikiza mitengo ya tsiku loyamba la mwezi uliwonse n'kugawa ndi 12. Mafuta anali pamwamba pa madola 100 pa mgolo pakati pa 2014, n'kugwa pansi pa 30 kumayambiriro kwa 2016. Mu February 2017 Exxon inalengeza kuti mafuta ake otsimikizika atsika kuchoka pa migolo 24.8 biliyoni kufika pa 20 biliyoni, ndipo 3.5 biliyoni inali ya ku Kearl ku Canada. Phula la ku Kearl silinapite kulikonse, lili mumchenga momwemo, ndipo mitengo itakwera yambiri inabwerera m'mabuku. Koma zikuonetsa kuti anaika ndalama zambiri pa mafuta odula kutulutsa. Ku Kearl amakumba mchenga ndi magalimoto akuluakulu, kuutsuka ndi madzi otentha kuti phula lilekane, kenako kulisungunula ndi mafuta opepuka kuti liyende m'paipi. Sitepe iliyonse ndi ndalama.

Chimene ndimamudzudzula nacho kwambiri ndi china. Zaka za phindu lalikulu, monga 2008 pomwe anapeza madola 45.2 biliyoni, ndalama zochuluka zinapita kogula masheya a kampani yomweyo pamene anali okwera mtengo. Mitengo itagwa, phindu la 2016 linali 7.8 biliyoni lokha, losakwanira kulipira eni masheya gawo lawo la pachaka, ndiye anayamba kukongola. Mu April 2016 a S&P, amene amayesa kudalirika kwa makampani pobweza ngongole, anawachotsa pa mlingo wapamwamba kwambiri wa AAA umene kampaniyo inali nawo kwa zaka zoposa 60.

Gogo_Injiniya:
Zonsezo n'zoona mwana wanga, koma mwasiya dala Guyana. Chitsime cha Liza-1 chinapeza mafuta mu May 2015, pamadzi akuya mamita 1,743, m'thanthwe la mchenga lokhuthala mamita oposa 90. Nthawi imeneyo mitengo inali itagwa ndipo makampani ankadula ndalama zofufuzira. Shell inali itatuluka m'dera la Stabroek, kumene kuli Liza, chaka chapitacho. Exxon inapeza anzake atsopano, Hess 30 peresenti ndi Nexen ya CNOOC ya ku China 25, iyo n'kutsala ndi 45, ndipo inaboola. Lero akuti m'deramo muli migolo yoposa 11 biliyoni, ndipo mafuta oyamba anatuluka mu December 2019 pa sitima ya Liza Destiny. Kuchuluka kwa migolo mu 2016 kumene a Kamgolo akuwerenga sikungaonetse zimenezi.

NaBanda_Malamulo:
Popeza mwatchula Guyana, tione mgwirizano wa 2016, chifukwa ndi pomwe luso la Exxon pokambirana limaonekera, ndipo ndi pomwe dziko losauka limalira. Tengani migolo 100. Makampani amaloledwa kutenga mpaka migolo 75 kubweza zimene anawononga. Yotsala 25 ndiyo phindu, amagawana pakati, boma 12.5 makampani 12.5. Boma limalandiranso 2 peresenti ya mafuta onse ngati msonkho wa mwini nthaka. Ndiye pa zaka zobweza ndalama boma limapeza migolo 14.5 pa 100. Msonkho wa phindu wa makampaniwo boma limawalipirira kuchokera pa gawo lake lomwelo. Ndalama yosainira inali madola 18 miliyoni.

Pamene pali msampha weniweni ndi apa: mgwirizanowo sunaike mpanda pakati pa munda wa mafuta wina ndi unzake. Ndalama zomangira ntchito yachiwiri ndi yachitatu amazibweza kuchokera ku mafuta a ntchito yoyamba. Choncho bola akupitiriza kumanga zatsopano, 75 ija imachedwa kutsika. Mpanda ukanakhalapo, Liza ikanamaliza kubweza zake msanga ndipo gawo la boma likanayandikira theka. Aliyense amene akuganiza za mafuta a pansi pa nyanja yathu ya Malawi awerenge ndime imeneyi kawiri.

Wa_Permian:
Koma mayi, mgwirizano woyamba unali wa 1999, pomwe kunalibe amene anapezapo mafuta ochita nawo malonda kumeneko, ndipo Venezuela imati dera la Essequibo, kumadzulo kwa Guyana, ndi lake. Woika ndalama pa chiopsezo chotere amafuna gawo lalikulu.

NaBanda_Malamulo:
Mu 1999 inde. Mu 2016 mafuta anali atapezeka kale, chiopsezo cha miyala chinali chitachepa. Boma la Guyana linakambirana mofooka, linangokweza msonkho uja kuchoka pa 1 kufika pa 2 peresenti. Sindikunena kuti Tillerson anaba. Ntchito yake inali kupezera eni masheya, ndipo anaichita.

Chimwala_Cholimba:
Venezuela yomweyo ndi imene inalanda Exxon ntchito yake ya mafuta ya Cerro Negro mu 2007 nthawi ya Hugo Chávez. Makampani ena anavomera kukhala ndi gawo lochepa, Exxon ndi ConocoPhillips anakana n'kupita ku bwalo la milandu ya maiko. Mu 2014 Exxon inapatsidwa madola 1.6 biliyoni, kutali ndi zimene inkafuna, ndipo mu 2017 gawo lalikulu la chigamulocho linathetsedwa.

Kamgolo:
Nanga Russia yachiwiri ija? Agogo mwangotchula yokoma yokha.

Gogo_Injiniya:
Mwandigwira. Mu 2011 anasaina ndi Rosneft kuti afufuze limodzi ku nyanja ya Kara ku Arctic, ndipo mu 2013 Vladimir Putin anamupatsa mendulo ya Order of Friendship. Ku Kara nyengo yoboola ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha madzi asanaundane, ndipo uyenera kusiya nthawi yoboolera chitsime china chothandizira ngati choyambacho chaphulika. Anaboola Universitetskaya-1 mu 2014 pa ndalama zoposa madola 600 miliyoni, ndipo mu September analengeza kuti apeza mafuta. Mwezi womwewo zilango za America pa nkhani ya Crimea ndi Ukraine zinaletsa makampani a ku America kugwira ntchito ku Arctic ya Russia. Anangopatsidwa masiku ochepa otsekera chitsime bwinobwino. Exxon inatuluka m'mgwirizanowo mu 2018 osagulitsa mgolo ndi umodzi womwe. Apa anawerenga miyala molondola n'kulephera kuwerenga ndale.

NaBanda_Malamulo:
Panalinso chindapusa cha madola 2 miliyoni chimene nthambi ya zachuma ya America inalamula mu July 2017, chifukwa Exxon inasainirana mapepala ndi Igor Sechin, mkulu wa Rosneft, mu May 2014 iye ali kale pa mndandanda wa olangidwa. Exxon inati anasaina m'dzina la Rosneft osati lake, ndipo khoti linathetsa chindapusacho kumapeto kwa 2019. Chodabwitsa n'chakuti pamene boma linkalipiritsa Exxon, Tillerson, amene anali mkulu wake pa nthawi ya mlanduwo, anali nduna ya zakunja m'boma lomwelo.

Ndirande_Boy:
Paja Pulezidenti Trump anamuchotsa unduna kudzera pa Twitter eti?

Zikomo265:
Eya, pa 13 March 2018, atangobwera ku ulendo wa ku Ethiopia, Djibouti, Kenya, Chad ndi Nigeria. Analowa unduna wa zakunja pa 1 February 2017, Senate itamuvomereza ndi mavoti 56 kwa 43. Chaka chimodzi ndi mwezi umodzi basi, Mike Pompeo n'kulowa.

Mayi_Akaunti:
Ku undunako anapita ndi nzeru za ku kampani: kuimitsa kulemba anthu ntchito, kuvomera kudula bajeti ndi pafupifupi 30 peresenti, kuitana alangizi akunja kuti akonze dongosolo, ndi kugwira ntchito ndi kagulu kochepa komuzungulira. Akazembe ambiri odziwa ntchito anachoka. Ku Exxon akalamula zinkachitika, kuno anali ndi bwana amene ankasintha mfundo m'mawa uliwonse.

Nyengo_Yasintha:
Mwakamba zambiri koma palibe watchula za kusintha kwa nyengo. Kwa ife amene timakumana ndi anamondwe nkhani ndi imeneyo.

Chimwala_Cholimba:
Anasiyana ndi Raymond pakamwa. Raymond ankatsutsa poyera, Tillerson anavomera kuti vutoli lilipo ndipo mu January 2009 anati njira yabwino ndi msonkho wa pa utsi wa kaboni. Koma onani nthawi yake: Congress, nyumba ya malamulo ya America, inkakonza lamulo lina loika malire a utsi, ndipo msonkho umene iye ankakonda unalibe mwayi wodutsa. Ndalama za kampani zinapitabe ku Kearl, ku Arctic ndi ku gasi. Loya wamkulu wa boma la New York anayamba kufufuza mu 2015 ngati Exxon inanamiza eni masheya za chiopsezo cha nyengo, ndipo m'kati mwake zinadziwika kuti Tillerson ankagwiritsanso ntchito imelo ya dzina lakuti Wayne Tracker. Wayne ndi dzina lake lapakati. Woweruza anagamula mokomera Exxon mu December 2019, koma mlanduwo unali wa kawerengedwe ka ndalama, sunali woweruza za nyengo.

Kamgolo:
Ndiye Guyana tiilembe kwa ndani? Laisensi ndi ya nthawi ya Raymond, chitsime ndi cha nthawi ya Tillerson, ndalama akudya ndi Woods.

Gogo_Injiniya:
Lembani kwa amene anavomereza ndalama zoboolera Liza-1 mitengo ikugwa ndipo Shell itathawa. Ameneyo ndi Tillerson.

Mayi_Akaunti:
Ndavomera, bola mulembenso kwa iye yemweyo 19 biliyoni ya 2020, ngakhale amene anasaina kufufutako ndi Woods. Ndipo agogo musaiwale kuti pa Liza-1 Exxon inachepetsa gawo lake kufika pa 45 peresenti isanaboole. Akanakhala otsimikiza sakanapereka 55 kwa Hess ndi Nexen.

Wa_Permian:
Palibe amene amakhala wotsimikiza pa chitsime choyamba m'dera latsopano, zambiri zimatuluka zouma. Chitsime cha Skipjack chomwe anaboola mu Stabroek momwemo mu 2016 chinalibe mafuta ochita nawo malonda. Kugawana ndalama zoboolera ndi mmene ntchitoyi imayendera, amayi, ngakhale pa Sakhalin anali ndi 30 yokha.